Ukwati wa Achemwali Unali M'fulashi Imodzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, chaka chimene achemwali anga a Rozina anakwatiwa pa boma la Nsanje. Unali mwezi wa Okutobala, nyengo imene kwathu kuchigwa dzuwa limawotcha mpaka mbuzi zimakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Ukwatiwo unayenda bwino. Kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, mpunga unakwanira aliyense, ndipo amalume athu ena anavina mpaka nsapato inatsegula pakamwa. Koma panali munthu mmodzi amene sanabwere, ndipo m'nyumba mwathu tonse tinkamuganizira.

Munthuyo anali azakhali athu a Nyatembo, alongo awo a bambo, amene ankakhala kutsidya kwa malire, ulendo wa njinga kuchokera pa Marka. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, azakhali anabwerera kwawo kutsidyako, ndipo poti analibe mwana wamkazi anapempha a Rozina. Achemwali anakulira m'manja mwawo zaka zisanu ndi zitatu. Kuphika, kuchapa, ngakhale kaimidwe kawo ka manja m'chiuno akakwiya, zonsezo anatengera kwa azakhali. Pofika nthawi ya ukwati miyendo ya azakhali inali itatupa moti sakanatha kukhala pa kabaza. Anatumiza mbuzi kudzera mwa mwana wawo Zuze, pamodzi ndi uthenga wakuti: "Mukandijambulire. Ndimuone mwana wanga atavala zoyera ndisanatseke maso."

Bambo anga anali mesenjala pa ofesi ina ya boma, munthu woti akalonjeza kanthu sagona nako tulo. Anaitana mnyamata wojambula vidiyo wochokera ku Nchalo, ndipo patapita sabata ziwiri mnyamatayo anabweretsa ukwati wonse uli m'kafulashi kakuda. Masiku amenewo mafulashi anali atangoyamba kuwanda kwathu. Zuze anali ndi kanyumba koonetseramo mafilimu kumudzi kwawo, ndi DVD yokhala ndi pobayira fulashi, yoyendera batire ya sola. Tinagwirizana kuti Loweruka bambo anyamuke kukaonetsa azakhali.

Lolemba madzulo tinati tiyambe taonera tokha kwa aphunzitsi oyandikana nafe, amene anali ndi DVD yofanana ndi ya Zuze. Tinadzaza pabalaza pawo, ana pansi, akuluakulu pamipando. Fulashi inabayidwa, kanyali kake kanathwanima, koma pa TV panangobwera mawu akuti mulibe kanthu. Aphunzitsiwo anaichotsa, anaiuzira mpweya, anaibayanso. Zomwezo.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Pasukulu pathu panali makompyuta atatu, ogwira ntchito awiri, ndipo ine ndinali nditagwirapo mausi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kunyumba zimenezi zinali zitandisandutsa katswiri. Bambo anandiika fulashi m'manja nati, "Malita, izi ndi za inu ophunzira. Pofika Loweruka ikhale itakonzeka." Ndinavomera mutu uli m'mwamba, ndipo kunena zoona ndinakondwa kuti aphunzitsi aja amva.

Lachiwiri nditaweruka kusukulu ndinapita kwa a Alufandika, amene anali ndi kashopu pafupi ndi poimikira maminibasi. Ankapanga fotokope, kutaipa makalata ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori a foni. M'kashopumo munkanunkha mapepala otentha, ndipo fani yaing'ono inkangozunguza mpweya wotentha womwewo. Atabaya fulashi pa kompyuta yawo, achemwali anatulukira pa sikirini akutsika m'galimoto, chophimba kumutu chikuuluka. Mtima wanga unakhala pansi.

"Vidiyo ilimo, ilibe vuto," anatero a Alufandika. "Nkhani ndi kayalidwe ka mkati mwa fulashi. Iyi anaiyala mwa NTFS. Kompyuta imawerenga zimenezo, koma ma DVD awa amadziwa FAT32 yokha. Tiyenera kuifomata, tiiyale mwatsopano."

Asanapitirize panalowa mphunzitsi wina atanyamula mulu wa mayeso ofuna fotokope, akutuluka thukuta ngati wathamangitsidwa. A Alufandika anaimirira. "Khala pomwepo, usakhudze kanthu. Ndikubwera."

Ndinakhala. Makina a fotokope ankalira, mapepala ankatuluka limodzilimodzi, ndipo mulu uja sunkaoneka kuchepa. Ine m'mutu mwanga ndinkaona kale nkhope ya bambo ndikuwauza kuti ndakonza ndekha. Sikuti ndinali mbuli. Ndinkadziwa kuti kufomata kumafufuta zonse, aphunzitsi anali atatiuza. Choncho ndinati ndichite mwanzeru, ndiyambe ndasunga vidiyoyo pa kompyuta. Ndinadina pa fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, ndinasankha mawu otumiza padesikitopu, pankhope penipeni pa sikirini, ndipo m'kuphethira kwa diso kachithunzi ka dzina la ukwati kanaoneka pamenepo. Kanali ndi kamuvi kakang'ono pakona, koma sindinakaganizire. Ndinakadina kawiri, vidiyo inayamba kusewera. Ndinadziyamikira kuti ntchito imene ena amaidikira nthawi yaitali ine ndaimaliza mosatuluka thukuta.

Kenaka ndinafomata. Ndinasankha FAT32 monga ananenera. Kompyuta inandichenjeza kuti zonse za m'fulashimo zifufutika, ine ndinavomera mosazengereza. Zitatha ndinabwerera ku kachithunzi kanga kaja kuti ndikabwezere m'fulashi. Ndinakadina. Kompyuta inati chimene ndikufunacho sichikupezeka. Ndinakadinanso, kachitatu, kachinayi. Yankho linali lomwelo.

A Alufandika atabwera anayang'ana pa sikirini, anayang'ana ine, kenaka anavula magalasi awo.

"Mwana iwe, wachita chiyani?"

"Ndinasunga kaye, bambo. Si iyi apa?"

"Aka si vidiyo. Ndi kachikwangwani koloza kumene kuli vidiyo. Kanasewera chifukwa fulashi inali ikadali ndi katundu wake. Iwe wasunga chikwangwani, nyumba wagwetsa."

A Alufandika anaimbira foni mnyamata wa ku Nchalo uja. Ndinkamva mawu ake akutuluka m'foni, akupepesa kuti iye amajambula ukwati Loweruka lililonse, kompyuta yake ndi yochepa malo, ndipo akapereka ntchito kwa eni ake amafufuta kuti alowetse ina. Lero ndimadziwa kuti pali mapulogalamu amene mwina akanabweza chinachake, koma nthawi imeneyo m'kashopu kaja munalibe. Ndinawachonderera a Alufandika kuti asauze bambo. Anapukusa mutu nati, "Ine sindinena. Koma Loweruka silidikira munthu."

Masiku awiri otsatirawo ndimawakumbukira bwino kuposa tsiku la ukwati lenilenilo. Fulashi yopanda kanthu ndinkayenda nayo m'thumba la yunifolomu, ndikumaigwiragwira m'kalasi. Lachitatu bambo atabwera kuntchito anafunsa, "Zikutheka?" Ine ndinayankha kuti zikutheka. Limenelo linali bodza langa loyamba lalikulu kwa bambo, ndipo iwo analilandira ndi kumwetulira, zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinafika poganiza zongowapatsa fulashiyo apite nayo, kuti ikakakana kumeneko mlandu ukagwere DVD ya Zuze. Ndimachita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinaziganiza. Chimene chinandiletsa ndi kuona m'maganizo azakhali atakhala pamphasa, miyendo yawo yotupa ija ataitambasula, ataitana anzawo a m'mudzi, akudikira TV yopanda kanthu.

Lachinayi masana ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba akupeta mapira. Amayi anga sukulu anailekeza Sitandade 2. Ankalima kudimba m'mbali mwa Shire, ndipo foni ankaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mlendo. Pa anthu onse a m'nyumba mwathu, iwo ndi amene sindinkayembekeza kuti angamve za FAT32, ndipo mwina n'chifukwa chake zinandiphwekera kuwauza. Ndinagwada pambali pawo ndi kukhuthula zonse, misozi ndi mamina.

Iwo sanasiye kupeta. Mankhusu ankauluka n'kumandimata kumaso konyowako. Nditamaliza anagogoda lichero kawiri, analiika pansi, nati, "Wamaliza kulira? Kasambe kumaso, uvale masilipasi. Tili ndi ulendo."

Sananene kumene tikupita. Tinadutsa njanji, tinasiya nyumba za boma m'mbuyo, tinalowera chakumapiri. Fumbi linkaotcha kudzera m'masilipasi. Ndinkaganiza kuti mwina akunditengera kwa abusa kuti ndikaulule, kapena kwa wina wodziwa kukwapula bwino. Titayenda pafupifupi maola awiri tinafika pakhomo pa a Nachisale, anzawo a amayi a kuyambira utsikana, amene ankakhala pamtunda pamene madzi osefukira safika. Ndinkadziwa kuti mbuzi zathu ziwiri zimakhala kumeneko, koma sindinadzifunsepo chifukwa chake.

Atalonjerana ndi kumwa madzi, amayi anati, "Anzanga, tanditsitsireni chitini changa chija."

A Nachisale analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mafuta ophikira chotsekedwa ndi nsanza. Munali mapira a mbewu osakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Amayi anapisa dzanja mpaka m'chigongono, anatulutsa kajumbo ka shuga komangidwa ndi kansalu. Anakamasula pang'onopang'ono pamwendo pawo. Munali kalata yawo ya ukwati ya kutchalitchi, fotokope ya satifiketi yanga ya Sitandade 8 imene sindinkadziwa n'komwe kuti ilipo, ndi kafulashi kofiira.

Ndinatembenukira kwa amayi.

"Tsiku limene mnyamata uja anabweretsa, bambo ako anali kuntchito," anatero amayi. "Ndinamufunsa kuti ukwati wonse uja, ndi anthu onse aja, uli m'kanthu aka kokhala ngati chala cha mwana? Akuti eya. Ndinati nanga kakagwera m'ndowa? Akuti basi mayi, zatha. Ndiye ndinati usachoke pano, undipangire kawiri. Anatulutsa kena m'chikwama mwake, anakhala pakhonde ndi kompyuta yake mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinamugwirira tambala, n'kumuuza kuti asauze munthu."

A Nachisale ankaseka chapansipansi, akupukuta phulusa pachitini. Ine ndinayambanso kulira, koma tsopano kulira kwake kunali kwina.

Pobwerera amayi analankhula kamodzi kokha, ndipo sanakweze mawu. "Ife akudambo sitisunga chinthu pamalo amodzi, Malita. Shire akadzaza sagogoda pakhomo. Mbewu yonse ikakhala m'nyumba imodzi, madzi n'kulowa, chaka chamawa udzabzala chiyani? Timaikiza. Mbuzi kwa mnzako wa pamtunda, mbewu kwa mnzako wa pamtunda. Kusukulu kwanuko sanakuuzeni zimenezi?" Ndinayankha kuti anatiuza, koma m'Chingerezi. Amayi anaseka mpaka kuima panjira.

Lachisanu nditaweruka anandiperekeza okha kwa a Alufandika, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Kafulashi kofiira anakamanga pakona ya mpango, ndipo sanalole kuti ine ndikakhudze. A Alufandika anawapatsa mpando wawo womwe. Anabaya fulashi n'kuyamba kukopera vidiyo pa kompyuta, ndipo ulendo uno ndinaona mmene kukopera kwenikweni kumakhalira. Kamzere kobiriwira kankakwawa pang'onopang'ono, moti minibasi ya ku Bangula inadzaza n'kunyamuka ife tikadali kudikira.

Zitatha a Alufandika anati, "Yalowa, mayi. Taonani." Anafuna kuidina kuti isewere.

"Iyayi," anatero amayi. "Chotsani kaye kangako mundipatse. Ndiye muonetse."

A Alufandika anatembenuka n'kuwayang'ana amayi. Kenaka anauza kompyuta kuti imasule fulashi, anaichotsa, anaipereka ndi manja awiri. Amayi anaimanganso pampango. Vidiyo itadinidwa inasewera, fulashi ili m'manja mwa mwini wake. "Mwana iwe, waona?" anatero a Alufandika kwa ine. "Chimene mayi ako achita apachi ndi chimene iwe sunachite Lachiwiri. Usanagwetse chakale, chotsa, uone ngati chatsopano chikuima pachokha."

Panatsala vuto lina limene ine sindikanalidziwa. Atayesa kuika vidiyoyo m'fulashi yakuda ija, imene tsopano inali ya FAT32, kompyuta inakana, ikuti fayilo yakula, chonsecho malo analimo ambiri. A Alufandika anafotokoza kuti FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira magigabaiti anayi, ndipo n'chifukwa chake wojambula uja anasankha NTFS. Ngakhale ndikanakopera bwino Lachiwiri lija, ndikanakakamira pomwepa. Anaidula vidiyoyo zidutswa zitatu: za kutchalitchi, za pamsewu ndi kojambulitsa zithunzi, ndi za kuholo. Zonse zinalowa. Tisanafike kunyumba amayi anati tidzere kwa aphunzitsi aja tikayese pa DVD yawo, ndipo achemwali anatulukira pa TV akumwetulira.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma amayi anati, "Bambo ako ukawauza wekha. Ine sindinyamula bodza la munthu." Ndinawauza titangomaliza kudya. Bambo anazunguza fulashi yakuda ija m'zala. Kenaka anati, "Safunsa anadya phula." Ndinadikira zotsatira, mutu uli pansi. Koma iwo anatembenukira kwa amayi.

"Ndiye kuti tambala wanga uja sanagwidwe ndi vumbwe?"

"Vumbwe wake anali wa ku Nchalo," anayankha amayi, osasiya kusonkhanitsa mbale.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Chilango changa chinali chakuti ndipite nawo, ndinyamule thumba la ufa ndi shuga wa azakhali, ndipo zikakavuta kumeneko ndikayankhe ndekha.

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi mpaka pa Marka, kenaka kabaza. Tinawapeza azakhali pansi pa mtengo wa mango, atavala mpango watsopano ngati akupitadi ku ukwati. Anali ataitana amayi anzawo asanu ndi mmodzi. Zuze ananyamula TV ndi batire kuchokera kukanyumba kake n'kuziika pakhonde, anatchinga dzuwa ndi chitenje. Pamene ankabaya fulashi ndinatseka maso. Ndinawatsegula nditamva nthungululu.

"Ndi iye! Ndi mwananga!" Azakhali ankaloza TV ndi manja onse awiri. "Taonani kuyenda kwake. Ndinamuphunzitsa ine kuyenda kumeneko!"

Ankayankha nyimbo za kwaya, ankati ameni pamodzi ndi mpingo, ndipo mkamwini ataoneka pafupi anamuyang'anitsitsa n'kugamula kuti ndi wowonda koma maso ake ndi aulemu. Chidutswa choyamba chitatha mwadzidzidzi, anthu akutuluka m'tchalitchi, azakhali anakalipa, "Zuze, wazimitsiranji? Ukwati sunathe!" Ndinathamanga kukasankha chidutswa chachiwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinagwira ntchito imene ndinkaidziwadi. Zonse zitatha azakhali anagwira dzanja la bambo, misozi ikutsika, nathokoza m'chilankhulo cha kwawoko. "Takhuta, m'bale wanga. Ndaona pyonsene." Kenaka anauza Zuze kuti ayambirenso poyamba.

Lero ndimagwira ntchito yoyang'anira makompyuta pa ofesi ina mumzinda wa Blantyre. Ndinaphunzira mayina ambiri a zinthu zimenezi. Ndimadziwa kuti fulashi umaiyala molingana ndi makina amene akaiwerenge, kuti wailesi ya m'galimoto ndi TV yakale zimafuna FAT32, kuti mafayilo akuluakulu amayenda bwino pa exFAT, ndiponso kuti fulashi ndi yonyamulira, si nkhokwe, poti imafa tsiku lililonse popanda kudwala. Wina akandiuza kuti wasunga ntchito yake, ndimamufunsa kuti waisunga pangati, ndipo kwinako ndi kutali bwanji ndi pano. Kenaka ndimamuuza kuti achotse choyambacho, atsegule chosungidwacho ine ndikuona. Ena amandiona ngati wovuta, ndipo sindiwatsutsa.

Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti ine Lachiwiri lija ndinkaganiza za fayilo ndi za dzina langa, pamene amayi kuyambira pachiyambi ankaganiza za munthu amene akudikira. Ndi chifukwa chake anafunsa funso limene ife ophunzira sitinafunse, lakuti nanga kakatayika. Azakhali sanawolokenso malire. Anamwalira mvula ya chaka chotsatira isanagwe. Pamaliro Zuze anatiuza kuti Lamlungu lililonse, poti kutchalitchi sankathanso kupita, ankamuuza kuti abweretse TV pakhonde, mpaka analoweza pamene abusa atsokomole ndi pamene nsapato ya amalume ing'ambike. Ife amene tinadya mpunga wa ukwati uja tinauona kamodzi. Azakhali anauonera miyezi khumi ndi umodzi, mwana wawo atavala zoyera.